Kusudzula a Yobu

"Nde ukuti bwanji, achoke kapena asachoke?"

A Maxwell anafunsa funsolo ataima kuseri kwa khitchini, pamene Ivy ankatsuka mapoto akuluakulu amene anabwerekedwa pamaliro. Ivy anatapa mchenga wina napitiriza kukwecha mwaye, ngati kuti amalume akewo akulankhula ndi nkhuku.

Panali patapita masiku ochepa chiikireni mayi ake, a Enifa, kumanda a kwawo ku Lirangwe. Anthu anali atabalalika, mabenchi atabwezedwa ku tchalitchi, pabwalo atasesa. Panangotsala zitsa zopserera, ndi nkhani imodzi imene aliyense ankaidziwa koma ankaizemba. A Wilson Yobu, bambo ake a Ivy, anali mkamwini pamudzipo. Anabwera kuchokera ku Domasi ali mnyamata kudzaphunzitsa pasukulu ya mishoni, anakwatira, namanga nyumba ya njerwa pamalo a akuchikazi. Tsopano mwini malo anali atagona. Mwambo umati mwamuna wotere amusudzule, amuthokoze, anyamule zake abwerere kwawo, pokhapokha ana ake atanena kuti bambo athu sachoka. Ndipo mwana analipo mmodzi yekha.

"Ndikufunsa iwe," anatero a Maxwell. "Mwinimbumba ndine, inde, koma nyumbayi tsopano ndi yako. Ukanena kuti achoke, Lamulungu masana tikhala pansi, tiwasudzula, Lolemba akwera basi. Ukanena kuti akhale, chabwino, koma ine chifukwa chake sindikuchiona. Munthu anakutaya ngati chisanza."

"Amalume, dothi la pamanda silinaume n'komwe."

"Mvula sidikira zimenezo. Munda uwo ukufuna mwini wake. Komanso pali anthu a m'tauni akufunsafunsa malo a kumsewuwa. Iwe utha kumanga yako ku Chileka, n'kusiya za lendizi."

"Eya. Nkhani yake ndi imeneyo."

"Usandiyang'ane choncho. Ine ndikuganizira iwe."

A Maxwell anali munthu woganizira anzake kwambiri, makamaka pamene kuganizako kumawasiyira kanthu m'dzanja. Koma pa nkhani ya kutayidwa sananame.

Ivy anali mu Fomu 4 pamene anapezeka ndi pathupi. Mnyamata wake anathawira ku Joni osamvekanso. Bwalo la akulu a mpingo linagamula kuti mtsikanayo adulidwe, asiye kudya mgonero wa Ambuye kufikira atalowanso kalasi ndi kubwezedwa pamaso pa mpingo. Zimenezo sizinali zachilendo, atsikana ambiri anadulidwapo nabwerera. Chachilendo chinali chakuti mlembi wa mpingo, wowerenga maina a odulidwa, anali bambo ake enieni. Abusa anawauza kuti tsiku limenelo awerenge mkulu wina, koma a Yobu anakana. Anaimirira kutsogolo, anakonza magalasi, nawerenga dzina la mwana wawo momveka bwino, ngati akulengeza tsiku lokalambula kumanda. Pobwera kunyumba anatulutsa chikwama cha Ivy, anachiika pakhonde, natseka chitseko.

Mayi ake sananene kanthu tsikulo. Anangomuperekeza kumsewu, anamukweza minibasi, namuuza pamene pankakhala msuweni wawo ku Chileka. Kumeneko Ivy anabereka Mwaiwathu, anagulitsa mandasi, kenako anapeza ntchito yokolopa m'maofesi kubwalo la ndege, ndipo mwana uja tsopano anali ku koleji ya unamwino. A Enifa ankabwera kudzawaona atasenza nandolo kapena masau, koma Ivy anawaikira lamulo lakuti nkhani za tchalitchi cha ku Lirangwe ndi za mlembi wake azizisiya pa Kameza posintha minibasi. Mayiwo anamvera. Anali munthu womvera, ndipo Ivy ankawakonda ndi mtima wonse, koma kumvera kwawoko kunkamuwawa mpaka lero. Nyumba inali yawo, malo anali awo, koma chitseko chinatsekedwa iwo akuyang'ana.

"Ndikuyankhani Lamulungu," anatero Ivy.

"Bwanji osati lero?"

"Lero ndikutsuka mapoto."

Chakumadzulo kunabwera mayi Maluwa, mtsogoleri wa amayi a Mvano, kudzatenga mapoto aja. Anakhala pamphasa, anapepesanso maliro, anapemphera pemphero lalitali, kenako anafika pa chimene anadzera.

"Amake Mwai, tamva kuti pali nkhani yosudzula."

"Makutu a Mvano ndi akuthwa."

"Si miseche, mwanangu. Bambo anuwa akalamba. Ku Domasi abale awo onse anatha, kwatsala ana a alongo awo, oti sawadziwa n'komwe. Akafikako akagona pati? Mkhristu amakhululuka."

"Zoona, mayi. Nanga tsiku limene chikwama changa chinali pakhonde apo, munabwera kudzawauza mawu amenewa?"

Mayi Maluwa anayamba kutola timinga pa chitenje chawo, ngakhale panalibe kaminga ndi kamodzi komwe.

"Inali nthawi ina," anatero.

"Mulungu wake anali yemweyu. Ine ndi Mulungu sitinayambane, mayi. Ndimapemphera, mwana wanga ndinamulera m'mapemphero, pamene ndinalibe sopo ndi iye anandigwira dzanja. Ndinayambana ndi mlembi. Kukhululuka sindikukana, koma munthu umakhululukira amene wabwera. Awo abwera?"

Analoza nyumba ndi mlomo. Pakhonde a Yobu anali atakhala pampando wawo wa nsungwi, atavala jekete pa kutentha konse kwa Okutobala, maso ali kumsewu.

"Nanga kalasi ya obwerera simunalowebe?"

"Ndikalape kwa ndani? Kwa Mulungu ndinalapa kalekale, ndili ndi mimba, ndikugona pansi kukhitchini kwa eni ake. Kutsogolo kwa anthu sindikaimanso. Ndinaimako kamodzi, zinandikwana."

Mayi Maluwa anatsegula pakamwa ngati ali ndi china choti anene, ndipo maso awo analengeza misozi. Koma anangomeza, anasanjikiza mapoto, nasenza.

Chiyambire maliro, Ivy ndi bambo ake anali asanalankhulane. Maliro amathandiza anthu odana: akazi amakhala m'nyumba, amuna panja, ndipo pakati pamakhala khamu. Kumanda a Yobu anaika nkhata yawo, Ivy anaika yake, aliyense nabwerera mbali yake. Koma khamu likachoka nyumba imachepa. Loweruka m'mawa Ivy analowa kukatenga beseni la mayi ake, ndipo anawapeza bambo ake pabalaza atagwada pakati pa makatoni. Mabuku anali atatsika pashelefu. Chithunzi cha ukwati chinali chitachoka pakhoma, patatsala malo oyera.

"Mukupita kuti?"

"Kwathu."

"Wakuthamangitsani ndani?"

"Sindidikira kuthamangitsidwa. Mwambo ndimaudziwa. Ndaona akamwini ambiri akuchoka pamudzi pano, ena katundu wawo ndinawanyamulira ndine."

"Amalume akuti mawu ndi anga."

"Ndamva."

"Nde simundifunsa?"

"Sindipempha malo ogona kwa mwana."

"Oho. Ndine mwana tsopano."

A Yobu anakoka chingwe cha khonje kuti amange katoni, koma chinawapulumuka. Anayesanso, chinapulumukanso. Zala zawo zinali zotupa m'mfundo, ndipo Ivy anaona kuti munthu amene ankamuopa moyo wake wonse sangathenso kumanga mfundo imodzi. Anamva chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa kuposa mawu awo. Anapinda manja, sanawathandize.

"Ndinawerenga zimene bwalo linagamula," anatero mkuluyo, osadzutsa mutu. "Ndinali nditawerenga maina a ana a anzanga ambiri, makolo awo ali pomwepo akulira. Ndikanathawa bwanji pa lako? Anthu akanati a Yobu amadula ana a eni ake, wawo amabisa."

"Dzinalo ndinakusiyirani kalekale. Liwerengeni mpaka mawa. Ine ndikufunsa za chikwama. Nacho chinagamulidwa ndi bwalo? Abusa anati mwana akadulidwa azikagona kumsewu?"

Kumsewu kunadutsa lole yolowera ku Zalewa, mawindo ananjenjemera. A Yobu anadikira kuti phokoso lithe, koma litatha anangotolanso chingwe chija.

"Mwaiwathu anabwera pamaliro," anapitiriza Ivy. "Anagwada, anakupatsani moni. Munamuyankha ngati mlendo wopempha madzi akumwa. Wabwerera ku sukulu akundifunsa ngati agogo ake samva bwino."

"Sindinadziwe chonena naye."

"Inu? Munthu wolalikira mpaka ana kugona pamabenchi?"

Mkuluyo anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya tayi, nawavalanso. Anali asanataye chizolowezi cha uphunzitsi, chongosintha phunziro funso likavuta.

"Mawa anamfedwa amayenera kukaonekera ku tchalitchi, kukathokoza mpingo. Kulinso mgonero. Sindikukukakamiza."

"Ndipita. Osati chifukwa cha inu. Anthu aja anawaimbira amayi mpaka mawu kusasa. Komanso ndikufuna andione bwinobwino, adziwe kuti sindinafe." Anatola beseni lija. "Koma ndiuzeni chinthu chimodzi. Zaka zonsezi mwakhala mukugawira anthu mkate wa chikhululukiro ndi manja omwewo amene ananditsekera panja. Sumakutsamwani?"

"Potuluka utseke chitseko. Mphepo ikuuluza mapepala."

"Chitseko chimenecho mumatseka ndinu," anatero Ivy, natuluka kuchisiya chili pululu.

Lamulungu kunatentha m'mawa momwe. Malata a tchalitchi ankathetheka, amayi akudzikupiza ndi mipango. Ivy anamukhazika pa benchi yakutsogolo, malo a anamfedwa, ndipo anakhala mowongoka, mutu uli m'mwamba. Ankamva maso a anthu kumsana kwake. Ena mwa iwo analipo tsiku lija, tsopano anali ndi imvi ndi ndodo. Ulembi a Yobu anali atausiyira mnyamata wina, koma ukulu wa mpingo anali nawobe, ndipo anakhala pamzere wa akulu kuseri kwa tebulo lofundidwa nsalu yoyera.

Mlembi watsopanoyo anathokoza mpingo m'malo mwa banja. Abusa analalikira za chiyembekezo cha akufa mwa Ambuye, ndipo anawatchula a Enifa kuti anali mayi woleza mtima. Ivy anaseka mumtima mowawidwa. Kuleza mtima anakuona ndi maso ake, kunamukweza minibasi.

Ulaliki utatha abusa anadalitsa anthu, nati amene sadya nawo mgonero atuluke mwakachetechete. Ana anayamba kuthamanga, a m'kalasi anatsatira. Kumbuyo a Maxwell, amene anadulidwa kalekale chifukwa cha mitala, anatola chipewa chawo natuluka mosavutika, ngati munthu woweruka kuntchito. Ivy anaimirira. Kuchokera pa benchi yakutsogolo kukafika pakhomo ndi mtunda wautali kwa munthu wodulidwa, ndipo anauyenda pang'onopang'ono, nsapato zikugogoda simenti, kuti pasapezeke wonena kuti anazemba. Koma podutsa pamabenchi a Mvano anadabwa. Amayi aja sankayang'ana iye. Ankayang'ana malo opanda munthu kumapeto kwa benchi yawo, ndipo angapo ankapukuta m'maso.

Panja, pafupi ndi windo la tchalitchi, panali mtengo waukulu wa m'bawa. Ivy anaima pamthunzi wake. A Maxwell anamulondola akudzikupiza ndi chipewa.

"Wawaona mmene akhalira kutsogoloko? Ngati angelo. Lamulungu lija ndi lino, mwana wa mlongo wanga. Achoke kapena asachoke?"

Ivy anayang'ana pawindo. M'katimo akulu awiri ankapinda nsalu yoyera ija, ndipo bambo ake anali ataimirira pamzere kudikira mbale yawo, monga ankachitira iye ali mwana.

"Achoke," anatero.

Mawuwo anali atawasunga zaka pafupifupi makumi awiri, akuganiza kuti tsiku lowatulutsa adzamva kukoma. Sanamve chilichonse, koma kutopa.

"Wanena ngati munthu wamkulu," anatero a Maxwell. "Masana ano timaliza."

Chitseko cha tchalitchi chinalira. Onse awiri anatembenuka, ndipo anaona a Yobu akutsika masitepe, dzanja lili pakhoma. Kumbuyo kwawo mkulu wina anasuzumira, akunong'ona mokweza.

"A Yobu, mbale yanu."

"Apatseni a Fatsani."

"Abusa akudikira."

"Asadikire."

Anayenda molunjika kumtengo kuja. A Maxwell anaseka.

"Alamu, mwasochera? Kuno n'kwa ife ochimwa."

"Ndikudziwa kumene ndabwera." A Yobu anaima patsogolo pa mwana wawo, akupuma movutikira. Analoza patsinde pa mtengo, pamene dothi linali losalala pakati pa mizu iwiri. "Amayi ako ankakhala apo."

"Amayi? Kudzatani panja pano?"

"Kodi sunamve?" anatero a Maxwell. "Mlongo wanga anasiya mgonero Lamulungu lomwe iwe unachoka. Palibe anamudula. Ankangoti abusa akanena kuti osadya atuluke, iye nyamu, ndi yunifolomu yake ya Mvano yoyera mbee, kutuluka pamodzi ndi ife a mitala ndi oledzera."

"Ndipo inu simunandiuze?"

"Ukanamva? Si iwe unaletsa nkhani za tchalitchi?"

Ivy anagwira mtengo. A Yobu sanawayang'ane alamu awo, analankhula kwa mwana wawo yekha, ndi mawu otsika amene Ivy anali asanawamvepo.

"Abusa ankasinthana pampingo pano, aliyense ankabwera kunyumba kudzawanyengerera. A Mvano anati awavula yunifolomu, iwo anati bwerani mundivule, palibe anabwera. Ine ndinakalipa, ndinati mukundichititsa manyazi, mkazi wa mkulu wa mpingo. Sanandiyankhe. Loweruka ankandichapira malaya a mgonero, kuwasita bwinobwino. Lamulungu tinkayenda limodzi mpaka pakhomo apo. Nthawi ikakwana ankaimirira, n'kudutsa pamaso panga ine ndili ndi mbale m'manja. Mgonero uliwonse."

"Ngakhale atadwala?"

"Abusa anabweretsa mgonero kunyumba, sabata yomaliza ija. Amayi ako anawathokoza, anapempha kuti awapempherere, koma mkate anakana. Anati, 'Abusa, pepani. Ine sindinadyepo mwana wanga ali panja ndi njala, sindiyambira patebulo la Ambuye. Mwini tebulo akundimvetsa.'"

Zaka zonsezo Ivy ankawalandira mayi ake ku Chileka, kuwaphikira tiyi, kuwaperekeza pa siteji, mumtima akuwatcha amantha. Iwo ankaseka naye, kusewera ndi mdzukulu wawo, osatchula kanthu, chifukwa mwana wawo anati nkhani za tchalitchi azizisiya pa Kameza. Manyazi anamugwira, ndipo analira koyamba chiikireni maliro, kulira kopanda mawu.

"Wamva tsopano," anatero a Maxwell. "Mlongo wanga wapita kumanda osalawa mgonero chifukwa cha bambo awa. Wanena kale iwe, achoke. Palibenso zokambirana."

Ivy anapukuta nkhope ndi chikhatho, natembenukira kwa bambo ake.

"Nyumba inali yawo. Mudzi ndi wawo. Bwanji sanakuthamangitseni?"

"Ndinawafunsa tsiku lina nditapsa mtima. Ndinati ngati ndakulakwirani chotere, ndisudzuleni ndizipita kwathu. Anati, 'Mukapita ku Domasi, mwanayo adzamutsegulira ndani? Munatseka ndinu, mudzatsegula ndinu. Ine ndidikira.'" A Yobu anayang'ana patsinde paja. "Anadikira. Mutu wanga unauma mpaka moyo wawo unatha."

M'tchalitchi munayamba nyimbo yapansipansi, ya nthawi yogawa mkate. Mkuluyo anawongola msana, ngati mmene ankaimira polengeza.

"Ivy, za dzina lija mpaka lero sindikudziwa ngati ndikanachita mwina. Koma chikwama chija ndinalakwa. Palibe bwalo linandituma. Anali manyazi anga, ndinawaveka dzina la Mulungu. Ndinalakwira iwe, ndinalakwira amayi ako, ndinalakwira Ambuye amene ndinkati ndikuwatumikira. Dzulo unandifunsa ngati mkate sumanditsamwa. Lero ndinatambasula manja kuti ndilandire mbale, ndinayang'ana pawindo monga ndimachitira nthawi zonse, ndipo pamalo pawo panali iwe. Manja anakana." Anawayang'ana manjawo. "Sindikunena izi kuti ndikhale. Makatoni ndamanga, mawa ndipita. Ndimangofuna ndinene ndili panja pano."

"Mwachedwa," anatero Ivy.

"Ndachedwa."

"Mawu amenewa amayi akanawamva okha, ndi makutu awo."

"Akanawamva."

Sanadziteteze, ndipo Ivy, amene anali atanola mawu ena ambiri, anasowa powalasa. Anayang'ana nkhalamba ija, jekete lothothoka m'khosi, nsapato zopukutidwa ndi munthu wosaona bwino. Mkwiyo sunachoke, unalipo ndithu. Koma anaona kuti akaupatsa nyumba ija, mayi ake adzakhala atadikira pachabe.

"Amalume, mawu aja ndabweza."

"Wabweza bwanji? Wanena ndikumva ndi makutu angawa."

"Anali anga, ndawatenga. Mwambo wanu chitani masana ano, muwasudzule, muwathokoze, akhale mfulu. Koma pakhomo paja sachoka. Munda alima, akalephera ndidzalemba aganyu. Malo a kumsewu auzeni anthu anuwo kuti mwini wake wakana."

"Iwe, ukupusitsidwa ndi misozi ya nkhalamba."

"Sanalire n'komwe. Walira ndine."

"Munthu anakuponya kumsewu uli ndi mimba. Lero wangoti pepani, basi zatha?"

"Sizinathe. Ndani wati zatha? Zimenezo ndi za ine ndi iwo ndi Mulungu, zitenga nthawi yake, ndipo adzamva zambiri zimene sanazimve. Mwaiwathu akadzabwera pa holide adzakhala naye pansi, adzapeza chonena naye. Koma amayi sanakhale panja pano zaka zonsezi kuti ine ndidzamalize nkhani potsekera munthu wina panja."

"Mudzi udzakuseka."

"Unandiseka kale, amalume. Ndinanenepa."

A Maxwell anayang'ana mwana wa mlongo wawo, anayang'ana alamu awo, napukusa mutu. Anati mitu youma pabanja limeneli inakumana itatu, ndipo wachitatuyo ndi amene wagona kumandayo. Anavala chipewa nalowera kumsika, akung'ung'udza yekha.

Anatsala awiri. A Yobu anaima manja ali lende, osadziwa powaika.

"Sindinapemphe," anatero.

"Ndikudziwa. Nanenso sindinakupatseni chifukwa mwapempha. Makatoni aja mukamasule nokha, ine sindikuthandizani."

"Ndikamasula."

Nyimbo inkapitirira. Pawindo pankaoneka mkulu wina uja, a Fatsani, akuyenda pakati pa mabenchi ndi mbale ya a Yobu. Ivy anayang'ana dothi losalala lija pakati pa mizu.

"Ankakhala bwanji?"

"Ankavula chitenje chapamwamba, n'kuchiyala chonse, chotambasula. Koma iwo ankakhala kumapeto kwenikweni, mbali inayo n'kungoisiya. Ana akafuna kukhalapo ankawauza kuti sunthani, pamenepo pali eni ake. Nyimbo ikayamba m'katimo ankaimba nawo, osaphonya ndime."

Ivy anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi, anachikutumula, nachiyala patsinde pa m'bawa. Anakhala kumapeto kwake, miyendo atatambasula, maso ali kumsewu. Sanawaitane bambo ake. Mkuluyo anaima kanthawi, kenako anagwira mtengo ndi dzanja limodzi, natsika pang'onopang'ono ndi suti yake ya mgonero, maondo akulira, mpaka anakhala kumapeto enawo.

Pakati pawo panatsala malo okwana munthu mmodzi, ndipo palibe anasunthirapo.